Sitima ya Bambo Yayenda

Amama, kodi kumene muliko zikuyenda bwanji? Ndine Lusungu wanu. Kuno ku Nchenachena tilipo, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwafika msanga. Ndikulemba m'Chichewa monga tinkalankhulira m'nyumba mwathu. Pajatu inu munkati Chitumbuka n'chopempherera, koma pokalipira mwamuna wa ku Ntcheu ndi ana ake pamafunika Chichewa kuti amve bwino.

Mkazi wa mchimwene wanga Yamikani wabereka mwana wamkazi ku Mzuzu. Ndinapita kukamuona, makutu ake ndi anu enieni. Nyemba zachita bwino, koma chimanga cha kumunsi kwa munda chinadyedwa ndi mbozi. Khofi uja munabzala kuseri kwa khitchini wayamba kubereka, ndipo ndimathyola ndekha ndikaweruka kusukulu kumene ndimaphunzitsa. Amayi a kumpingo sanapezebe munthu woyambitsa nyimbo ngati inu. Amene akuyambitsa panopa amakwera kwambiri, anzake n'kumathera m'njira.

Koma chimene chandikhazika pansi lero ndi bambo ndi sitima yawo. Pali zimene ndinachita inu mutapita, ndipo ndakhala nazo mumtima chaka chathunthu osakuuzani.

Inu nkhani ya sitimayi mukuidziwa kuposa ine. Munakwatiwa nawo ku Limbe akugwira ntchito yoponya malasha m'ng'anjo ya sitima za katundu. Sitima zamalasha zitatha, anawasamutsira kokonza mainjini, ndipo atapuma ntchito anakutsatirani kuno kwanu, kumene kulibe ngakhale chidutswa cha njanji. Ndi pamene anamanga kashedi kaja n'kuyamba kupanga injini yawoyawo. Sankafuna kuti munthu aitchule chidole. Ankati ndi injini yeniyeni, yangochepa. Muyeso uliwonse wa injini imene ankaigwirira ntchito anaulemba m'kope lakuda, n'kumaugawa magawo khumi ndi asanu ndi limodzi, kuti gudumu, chumuni, ngakhale chogwirira cha pakhomo, zichepe mofanana. Zaka zonse zija ankatola mapaipi a mkuwa, mapulayimasi akufa ndi masipoko a njinga. Sitima za anthu sankazikonda. Ankati zonyamula anthu n'zodzionetsera, ya katundu ndiyo imadyetsa dziko. Inu munkawayankha muli kuseka kuti, “Nanga yanuyi yadyetsapo ndani, bambo a Lusungu? Ngakhale thumba limodzi la khofi sinanyamulepo.”

Tsiku lija, Amama, ndinafika kuchokera kusukulu dzuwa lili pamutu n'kukupezani mutagwa pafupi ndi nkhokwe, lichero lili potero, nkhuku zikudya nyemba zimene zinamwazika. Thupi lanu linali lisanazizire, koma simunkayankha. M'shedi munkamveka tupa ikupala chitsulo. Pofika kuchipatala munali mutatisiya. A dokotala anati mtsempha wa m'mutu unaphulika, ndipo mwina ngakhale tikanafika msanga sizikanathandiza. Mawu akuti “mwina” aja ndi amene anandilowa.

Maliro atatha, anthu atabalalika, ndinapita kushedi. Ndinawapeza bambo atangokhala pa benchi, manja ali pa mawondo. Ndinawauza kuti, “Chidole chanuchi ndicho chapha amama. Mukanakhala panja mukanawamva.” Ananyamuka n'kutuluka, ine n'kukhoma loko pachitseko, kiyi n'kumuponya m'chikwama changa cha kusukulu. Inu munatilera kuti mawu oipa tizimeza kaye ndi madzi tisanawatulutse. Tsiku limenelo sindinamwe madzi.

Miyezi isanu ndi itatu anangokhala pakhonde. Chakudya ndinkawapatsa, zovala ndinkachapa, koma zolankhula zathu zinali “mwadzuka bwanji” ndi “madzi osamba ali kubafa” basi. Za kiyi sanafunsepo. Nthawi zina ndinkaona zala zawo zikuyenda pa bondo ngati zikumanga kabawuti, ine n'kuyang'ana kumbali.

Kenako ndinayamba kuona kuti akuthira tiyi pambali pa kapu. Tsiku lina anapatsa moni mtengo wa papaya, kuuyesa mlendo. Ndinapita nawo kuchipatala ku Rumphi boma. Atawayeza, a dokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti si ng'ala imene amachotsa ija. Diso lamanzere linali litafa kale, ndipo lamanja linkatsekeka pang'onopang'ono kuchokera m'mbali. Anatipatsa mankhwala odonthezera oti achedwetseko, koma anati tisayembekezere kuti maso abwerera.

Pobwerera tinakwera galimoto ya matola. Titayenda pang'ono, bambo anandigwira mkono n'kunena chapansipansi kuti, “Lusungu, undibwerekeko kiyi uja. Sindikufuna kukagwira ntchito ayi. Ndikufuna ndikangoiona injini ija ndisanaleke kuona.”

Ndinatsekula m'mawa mwake. M'shedi munali fungo la mbewa, mavu atamanga zisa m'denga. Injini inali pa benchi pomwe anaisiya, yakuda, yotalika kuposa mkono wanga, magudumu asanu ndi atatu akuluakulu atayamba dzimbiri. Kumbuyo kwake kunali mabogi asanu ndi awiri a katundu. Bambo anayandikitsa nkhope mpaka mphuno kukhudza chitsulo, n'kumayendetsa diso lawo limodzi lija kuchokera kuchumuni mpaka kumapeto.

Ine ndinatsegula chitini cha mabisiketi chimene chinali pashelefu. Amama, bwanji simunandiuze? M'menemo ndinapeza timalona ta mabogi, tosokedwa kuchokera ku ambulera yanu yobiriwira ija munkati inatayika kutchalitchi. Tisanu tinali tomaliza, topinda m'mbali bwinobwino. Kachisanu n'chimodzi kanali ndi singano yobaya pakati, ulusi uli lende. Pansi pake panali timatumba ta katundu tating'ono ngati chala chachikulu, todzaza mchenga. Kasokedwe kanu ndimakadziwa, ndi kamene kanali pa mayunifolomu athu. Ndiye kuti kuseka konse kuja, masana ine ndili kusukulu munkakhala nawo m'shedimo.

Ndili chigwirire kalona kaja, bambo analankhula osatembenuka.

“Unati ndikanakhala panja ndikanawamva. Ndinawamva, mwanangu.”

Ndinati, “Mwati bwanji?”

“Amayi ako anandiitana. Kamodzi. Ndinali ndikuwotcherera paipi ya nthunzi, mtovu utasungunuka. Ndinayankha kuti ndikubwera. Ndinati ndimalize kaye usanaume. Sanaitanenso, ndiye ndinaganiza kuti chimene amafuna achipeza. Ndinapitiriza ntchito mpaka ndinamva iwe ukukuwa.”

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo. Miyezi yonse ija ndinkawaimba mlandu wosamva, ndipo pansi pa mtima ndinkadziwa kuti ndikuwalakwira, pakuti kusamva si tchimo. Tsopano anali atandipatsa mlandu weniweni. Ndinanyamuka n'kutuluka. Loko sindinakhomenso, koma sabata yonseyo chakudya ndinkangowaikira patebulo, ine n'kukadyera kukhitchini.

Ndimadzifunsabe, Amama. Kodi munawamva akuyankha? Kodi muli gone pafupi ndi nkhokwe paja munkadikira kuti atulukira? Kapena munali mutachoka kale? Palibe amene angandiuze koma inu.

Loweruka lotsatira ndinali m'chipinda kuchonga mayeso a ana a sitandade sikisi. Ndinamva bambo akuitana kuchokera kuseri, “Lusungu!” Ndinayankha kuti, “Ndikubwera!” Panali patatsala mafunso atatu kuti ndimalize pepala la mwana wina, ndiye ndinati ndimalize kaye. Nditamaliza ndinatenga lina. Ndinachonga mapepala anayi. Ndili pa lachisanu, cholembera chinangoima chokha m'manja. Ndinathamanga opanda nsapato.

Ndinawapeza m'shedi atagwada, akupapasa pansi ndi manja onse awiri. Anali atagwetsa kabawuti kakang'ono ngati njere ya mpunga. Kanali pafupi ndi bondo lawo lomwe. Ndinakatola n'kuwaika m'dzanja, kenako ndinayamba kulira mokweza ngati mwana. Iwo anadabwa, anati, “Walumidwa ndi mavu?” Ndinalephera kuwafotokozera. Munthu amene ndinamuzunza miyezi yonse ija chifukwa cha mawu amodzi, ine mawu omwewo ndinali nditangowanena kumene, pakamwa pomwepa, popanda choipa chilichonse mumtima.

Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala maso awo. Ndikaweruka ndinkalowa m'shedi, iwo n'kumandiuza chochita. Ndinaphunzira kuchotsa dzimbiri ndi palafini, kugwira tupa mosapendeka, kuwerenga manambala a m'kope lakuda. Ankandikalipira ngati wophunzira ntchito. Ndikamanga bawuti ankaigwira ndi chala n'kunena kuti, “Wamanga ngati ukutseka botolo la mafuta. Masula, uyambirenso.” Ndinawotcha zala kangapo. Kalona kachisanu n'chimodzi ndinayesa kukamaliza, koma mzere wanga pambali pa wanu unkaoneka ngati njira ya nkhuku, ndiye ndinaumasula n'kubwezera singano pomwe munaisiya.

Yamikani atabwera anaijambula injiniyo pa foni n'kutumiza kwa anzake. Chithunzicho chinayenda mpaka chinafika kwa bambo ena okalamba a ku Khondowe, a Mhango, amene ankaphunzitsa kumeneko asanapume. Iwo anaphunzira kunja, ndipo kumeneko anakonda zosunga timasitima. Akuti kuli magulu a anthu akuluakulu, ena a imvi, amene amagula timainjini totere topangidwa kufakitale, tofanana ndendende ndi sitima zakale, n'kumatiyendetsa pa tinjanji m'nyumba zawo. Anatsika msewu woipa uja pa njinga yamoto, atanyamula kawo m'bokosi. Kanali kokongola, Amama, kokwana m'dzanja limodzi, koyendera magetsi. Bambo anakapapasa nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, “Nanga moto amasonkha pati?” A Mhango anaseka mpaka kutsokomola. Koma ataona ya bambo anasiya kuseka. Anavula chipewa, n'kuizungulira kawiri, akungothokoza m'Chitumbuka kuti, “Yewo, adada. Yewo chomene.”

Panali chinthu chimodzi chimene bambo sakanatha kupanga okha, kawotchi koyezera mphamvu ya nthunzi. Popanda iko ankaopa kusonkha moto, kuti thanki ingaphulike. A Mhango analembera anzawo akunja aja, ndipo patapita miyezi iwiri kanafika m'kaenvelopu, kakang'ono ngati batani la jekete. Munthu amene anatumizayo sitikumudziwa, ndipo sanafune chilichonse. Koma m'miyezi iwiri yodikirayo diso lamanja linatsekeka. Tsiku limene kawotchi kanafika, bambo ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Anakagwira m'manja n'kundifunsa kuti muvi wake ndi wamtundu wanji. Ndinawauza kuti wofiira.

Tinayala njanji titatha kukolola, kuchokera pakhomo la shedi mpaka pa mtengo wa mapeyala, mapazi makumi awiri. Malasha ndinakatola ndekha m'mbali mwa msewu, amene amagwa m'malole ochokera kumigodi, n'kuwaphwanya kuti akhale ngati mtedza. Sitinaitane anthu. Bambo anakana, anati ikakanika aseke ndi ine ndekha. Linali Loweruka m'mawa, mame asanaume. Anavala ovolosi yawo yakale ija munkafuna kuidula kuti ikhale chokolopera.

Moto anasonkha okha. Anayamba ndi timitengo toviika m'palafini, kenako makala, kenako malasha, akuponya ndi kafosholo kopangidwa ndi supuni. Dzanja lawo silinaphonye khomo la ng'anjo ngakhale kamodzi. Utsi utayamba kutuluka m'chumuni anaukoka ndi mphuno, nkhope yawo n'kusintha. Fungo limenelo ine sindinkalidziwa, koma inu muyenera kuti munkalichapa m'zovala zawo. Ntchito yanga inali yoyang'ana muvi wofiira uja n'kumawauza pamene wafika. Koma ndisanatsegule pakamwa iwo anapendeketsa mutu, kumvetsera kulira kwa madzi m'thanki, n'kunena kuti, “Yakwana.” Nditayang'ana, muvi unalidi pa mzere.

Anandiuza kuti nditsegule nthunzi ndine. Ndinakana, ndinati sitima ndi yawo. Iwo anati, “Ine ndinali wa moto, sindinayendetsepo. Tsegula pang'onopang'ono.”

Ndinakankha kachitsulo kaja. Poyamba inangolavula madzi otentha ndi nthunzi m'mbali. Kenako magudumu anagwedezeka, n'kuzungulira, mabogi n'kukokana limodzi ndi limodzi, kwe, kwe, kwe, mpaka lomaliza. Inayenda, Amama. Inkapuma ngati munthu wokwera phiri atasenza katundu, timatumba tanu tili m'mabogi, malona anu obiriwira atakuta asanu oyambirira, awiri akumbuyo ali pamtunda. Ndinkayenda pambali pake chowerama, ndikukuwa ngati wamisala kuti, “Ikupita! Bambo, ikupita!”

Nditatembenuka ndinaona atatsala pakhomo la shedi, ataima njo, nkhope italoza kolakwika pang'ono, cha kunkhokwe. Sankamwetulira. Anati, “Bogi lachitatu likukhula. Gudumu lakumanzere.” Nditaimitsa n'kuyang'ana, linalidi lothina. Kenako anafunsa kuti, “Malona aja akhala bwino? Sakuuluka?” Ndinati akhala bwino kwambiri. Pamenepo anakhala pansi pa chiundo cha chitseko n'kuphimba nkhope ndi manja akuda ndi malasha. Pa maliro anu sanalire pamaso pa anthu. Tsiku limeneli analira mpaka moto unazima wokha m'ng'anjo.

Ndinakhala pambali pawo. Ndinawauza kuti mawu amene ndinanena tsiku lija ndikuwabweza, ndipo andikhululukire. Anapukusa mutu. Anati, “Iwe unanena chifukwa cha ululu. Za iwe zinatha kale. Koma zanga si iwe ungazimasule.” Ndikuona kuti ankanena zoona.

Papita milungu itatu tsopano, ndipo sanapemphenso kuti tisonkhe moto. Bogi lachitatu tinalikonza, injini tinaipukuta n'kuipaka mafuta, ili pa benchi. A Mhango akufuna kuti tsiku lina tidzaionetse kwa ophunzira ku Khondowe, bambo akuti aganiza kaye. Akudya pang'ono, ndipo aonda. Yamikani akuti tiwatengere ku Mzuzu kufupi ndi chipatala, koma iwo akuti kuno akudziwa pamene pali mwala uliwonse, kumeneko akakhala ngati katundu wosowa mwini. Ine ndili kumbali yawo. Ndamanga chingwe kuchokera pakhonde mpaka kubafa, china mpaka kushedi, ndipo amayenda okha atachigwira, ndodo ili kudzanja linalo.

Dzulo tikusankha nyemba anandifunsa ngati njira ya kumanda ikadali yoterera. Simukudziwa, kapena mwina mukudziwa, kuti chikuikireni m'manda sanapondeko. Pa Khirisimasi tinapita tonse kukalambula, iwo anatsala, anati mwendo ukupweteka. Tsopano akuti akufuna kubwera. Akuti ali ndi mawu oti akuuzeni, ndipo ine ndikawafikitsa ndikaime patali. Sindinawafunse kuti ndi mawu otani.

Choncho Lamulungu likubwerali, tikatuluka m'tchalitchi, mutiyembekezere. Tidzachedwa panjira chifukwa pachitsikira paja ndidzayenera kuwatsogolera phazi ndi phazi, koma ndikulonjeza kuti ndidzawafikitsa. Akakayamba kulankhula muwamvetsere mpaka amalize, Amama. Akalamba kwambiri chaka chimenechi, mwina simudzawazindikira msanga.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani koopsa.

Ndine mwana wanu,
Lusungu